Tsiku limodzi ndi theka ku Singapore sitima isananyamuke

Nachisale: Odi kuno akuluakulu apagulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Chaka chino bambo ndi mayi akwanitsa zaka 40 ali pabanja, ndiye ana tinasonkherana kuti tiwakweze sitima yapamadzi, zikuluzikulu zija zokhala ndi zipinda zogona ndi malo odyera momwemo. Imanyamukira ku Singapore Lachisanu madzulo, kukaima ku Penang ndi ku Phuket, n'kubwerera Lachiwiri. Achimwene omwe alipira gawo lalikulu sanawapatse tchuthi kuntchito, ndiye woperekeza ndine, munthu woti kutali kwanga ndi ku Joni. Matikiti a ndege sindinagule, koma ndikuganiza zotera Lachisanu lomwelo m'mawa kuti tisaononge ndalama za hotela. Maola ochepa amenewo tingaone chiyani? Bambo ali ndi zaka 71, ankaphunzitsa Geography kusekondale, amafunsa mafunso mpaka munthu kutopa. Mayi bondo lakumanzere limawavuta.

Wapasitima: Achemwali, musanamve china chilichonse imvani ichi: musatere tsiku lomwe sitima ikunyamuka. Ine chino ndi chaka chachisanu ndikuperekera zakudya m'sitima zimenezi, ndipo ndaonapo anthu akulira padoko chombo chikupita uko. Sitima si minibasi ya pa Wenela yoti kondakitala amenya chitseko dalaivala n'kuima. Ndege ikangochedwa pa Lilongwe mwaphonya ya ku Joni kapena ya ku Addis Ababa, basi ndalama zonse zalowa m'madzi. Komanso kulembetsa okwera amatseka nthawi ikadalipo, sadikira mphindi yomaliza. Fikani Lachitatu usiku kapena Lachinayi m'mawa.

Mai Phiri ku Leeds: Mverani za Wapasitima, Nachisale. Ine ndi amuna anga tinakwera sitima yotere chaka chatha kuchokera komweko. Singapore ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi kumudzi. Ikamakwana 12 koloko masana kumeneko, matupi a makolo anuwo akhala akuti kwangocha kumene, chonsecho usiku wonse anachezera chokhala mundege. Ndiye anthu otopa choncho muziwathamangitsa padzuwa ndi masutikesi? Monga namwino ndikukaniza. Mayiwo muwagulirenso masokosi othina aja apaulendo, ndipo aziimirira n'kumayendayenda mundegemo.

Mfana wa Ndix: Ana a anzathu akusonkhera makolo sitima ya ku Asia, ife kuno tikusonkherana ya bandulo. Mayi anga asaone uthengawu chonde. Zabwino zonse asisi, mukatibweretsere ngakhale chingamu.

Bambo a Tadala: Chingamu ndiye mwalemba m'madzi mfana, kumeneko sagulitsa. Analetsa mu 1992 anthu atanyanya kumata pazitseko za sitima zapamtunda mpaka zitseko kumakanika kutseka. Chimene chimapezeka ndi chamankhwala chokha, kufamase.

A Nachisale, ine ndinakakhalako milungu itatu pa maphunziro a kuntchito. Yambani ndi zikalata. Mapasipoti onse atatu akhale oti atsala ndi miyezi yosachepera 6 asanathe. Pali fomu ya pa intaneti yotchedwa SG Arrival Card, mumadzaza patatsala masiku atatu kapena ocheperapo kuti mufike, ndipo ndi yaulere. Webusaiti iliyonse yomwe ikuti mulipire ndi ya akathyali. Ngati mudzere ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, tengani makhadi achikasu a katemera wa yellow fever, maka ngati mudzakhalitsa pamenepo podikira ndege. Ine ndinalowa ndi pasipoti yathuyi popanda viza, koma kumbukirani kuti Penang ndi Malaysia, Phuket ndi Thailand, dziko lililonse ndi malamulo ake. Alembereni a kampani ya sitimayo, akuyankheni molemba, musunge yankholo. Safunsa anadya phula.

Nachisale: Mwandiopsa mokwanira. Ndalankhula ndi achimwene, tagula yodzera ku Joni, tikutera pa Changi Lachinayi m'mamawa. Ndiye tili ndi Lachinayi lonse ndi m'mawa wa Lachisanu. Tsopano ndiuzeni kopita.

Sisi Thoko: Eeeh Singapore yanga! Lembani: Sentosa, Universal Studios, zoo yausiku ija, kukwera pamwamba pa Marina Bay Sands, kukagula zinthu ku Orchard Road, chithunzi pa Merlion (chiboliboli cha mutu wa mkango ndi thupi la nsomba), Gardens by the Bay. Mukadzuka molawirira zonse zitheka, dzikolo ndi laling'ono.

Mai Phiri ku Leeds: Thoko, mwawerenga zoti mayi ali ndi bondo? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kutentha kwa kumeneko si kwa masewera. Tangoganizani Nsanje mu Okutobala, kenako muthirepo chinyezi choti thukuta siliuma. Mukayenda mphindi 10 malaya anyowa. Universal Studios ndi ya ana ndi achinyamata, ndipo mtengo wa tikiti imodzi mungadyere anthu atatu tsiku lonse.

Bambo a Tadala: Ine ndikanakhala inu ndikanasankha msewu umodzi n'kuuyenda pang'onopang'ono. Dzina lake Telok Ayer Street, m'mphepete mwa Chinatown. Ndifotokoze chifukwa chake, mundipirire kutalika.

Dzinalo ndi la Chimalay, limanena za madzi a pagombe. Lero mukaima pamsewupo nyanja simuiona, mwazunguliridwa ndi nyumba zosanja za mabanki, koma kale mafunde ankafika pomwepo, asanakwirire nyanja ndi dothi cha m'ma 1880. Stamford Raffles atakhazikitsa doko la Angerezi mu 1819, anthu anayamba kukhamukirako pa zombo, ena kuchokera kum'mwera kwa China, ena kum'mwera kwa India, ena kuzilumba zozungulira. Ulendo unali wa milungu, ena ankafera m'njira. Amene wafika wamoyo, chinthu choyamba chinali kukathokoza kwa amene amamupembedza. Ndiye aliyense anamanga pothokozera pake pagombe lomwelo.

N'chifukwa chake mumsewu waufupi umenewu mupeza kachisi wa Thian Hock Keng, amene anthu a Chihokkien anamaliza kumanga mu 1842 polemekeza Mazu, yemwe amati amateteza oyenda panyanja. Pafupi pomwepo pali Nagore Dargah, yomangidwa ndi Asilamu a Chitamil. Mukayenda pang'ono pali mzikiti wa Al-Abrar, ndipo kumapeto kwa msewu kuli tchalitchi cha Methodist chokhala ndi denga lachitchaina. Zonsezi ndi mtunda woti mayi atha kuyenda akupuma, ndipo m'makonde mwa nyumba zakale muli mthunzi. Anthu oti mawa lake akukwera sitima, palibe malo owayenera kuposa amenewa.

Ngati mphamvu zilipo, kwererani ku South Bridge Road. Kumenekonso ndi chimodzimodzi: mzikiti wa Jamae, kachisi wa Ahindu wa Sri Mariamman yemwe anayamba mu 1827 ndipo ndi wakale kuposa akachisi onse a Ahindu mdzikomo, kenako kachisi wamkulu wofiira wa Abuda, Buddha Tooth Relic Temple. Ameneyu angakupusitseni, amaoneka wamakedzana koma anatsegulidwa mu 2007. Chodabwitsa n'choti kachisi wa Ahindu ndi mzikiti zili pakati penipeni pa Chinatown.

Nachisale: Izi bambo azikonda. Koma pali vuto lina, iwowa ndi mkulu wampingo. Sindikudziwa ngati angalole kuponda m'kachisi wa mafano. Angandinene kuti ndawatengera kokachimwa.

M'busa Wamng'ono: Musawakakamize. Chikumbumtima cha munthu n'chake. Koma muwakumbutse kuti Paulo ali ku Atene anayenda n'kumapenyetsetsa zimene anthu ankapembedza, mpaka anawerenga zolembedwa paguwa, ndipo ulaliki wake unayambira pomwepo. Kuona si kugwada. Akafuna aime pakhomo.

Sisi Thoko: Zambiri zimaoneka uli panja. Chipata cha Sri Mariamman chili ndi ziboliboli zamitundumitundu zosanjikizana mpaka pamwamba, umangojambula uli pamsewu. Mukafuna kulowa mumavula nsapato, ndipo mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika. Mayi akatenga chitenje m'chikwama zatha.

Che Idrissa: Salaam kwa onse. A Tadala afotokoza bwino, koma asiya kwathu. Ine ndimapita ku Guangzhou kukaoda katundu ndipo kawiri ndinaima ku Singapore. Pitani ku Kampong Glam, komwe kuli Sultan Mosque. Dzina limachokera kwa Sultan Hussein Shah, amene anasainirana pangano ndi Raffles uja. Mukafika muyang'ane m'munsi mwa denga lozungulira lagolidelo, muona lamba wakuda. Amenewo ndi matako a mabotolo. Pomanga mzikiti olemera anapereka ndalama, osauka anapereka mabotolo, ndipo amisiri anawaika pamalo oti aliyense aziwaona. Ine nditamva zimenezi ndinakhala chete kwa nthawi.

Nkhani ya zombo iliponso kumeneko. Ndege zisanachuluke, Asilamu a ku Java, Sumatra ndi madera ena ankasonkhana m'misewu imeneyi kudikira sitima yopita ku Jeddah kukachita Hajj. Ena ndalama zinkawathera n'kukhazikika pomwepo. Alendo amaloledwa kulowa mumzikiti nthawi yomwe si ya swala, ndipo amabwereketsa mikanjo pakhomo. Koma pitani Lachinayi, Lachisanu kumadzaza ndi Jumu'ah. Tsidya lina la msewu kuli lesitilanti yakale, Zam Zam, yomwe inayamba mu 1908. Itanitsani murtabak, chili ngati chapati chachikulu chokulungamo nyama, anyezi ndi dzira. Chimodzi chikwana anthu awiri. Mayi akafuna nsalu, Arab Street ili pomwepo.

Mfana wa Ndix: Funso lofunika palibe wafunsa. Madala a ku Ntcheu akhala bwanji sabata yathunthu opanda nsima?

Nachisale: Musaseke, mayi ayamba kale kufunsa ngati angatenge ufa pang'ono ndi kapoto.

Wapasitima: Kapoto kasiyeni. M'sitima salola chilichonse chotenthetsa: mbaula yamagetsi, ketulo, ayironi, ngakhale ekisitenshoni. Amalanda pachipata n'kukubwezerani potsika. Moto ndi chinthu chomwe timachiopa kwambiri panyanja. Mpunga, nyemba, nsomba, nkhuku zimakhalapo tsiku lililonse, safa ndi njala.

Mai Phiri ku Leeds: Za chakudya ndiye ndilankhulepo, chifukwa ine Singapore ndinaimvera m'kamwa. Musadye kuhotela kapena m'malesitilanti a m'mphepete mwa mtsinje, mulira. Eni dziko amadya kumalo otchedwa hawker centre. Ganizirani chiimilire cha mumsika, koma boma litachimangira denga, kuika mipando, madzi ndi zimbudzi, n'kumayendera ukhondo wa aliyense. Ogulitsa ankakhala m'misewu kale, boma linawasamutsira m'malo amenewa, ndipo mu 2020 a UNESCO anaika chikhalidwe chimenechi pamndandanda wawo wa zikhalidwe zofunika kusungidwa. Mbale ya mpunga wa nkhuku ndi madola a kumeneko 5 kapena 6. Pafupi ndi komwe a Tadala akunena pali Maxwell Food Centre ndi Amoy Street Food Centre. Tchaina, Mmalay, Mmwenye, aliyense ndi kabenchi kake ka malonda, koma odya amakhala tebulo limodzi.

Makolo sadzasowa chodziwika. Nasi lemak ndi mpunga wophikira nkaka wa kokonati, pambali amaika tinsomba touma tokazinga ndi mtedza, amati ikan bilis, koma ine ndinangoti bonya uyu. Kholowa amadya, amakazinga ndi tsabola. Therere lobala limapezeka mu msuzi wa kale (curry) wa mutu wa nsomba. Satay ndi kanyenya wapakamtengo wothira msuzi wa nsinjiro. Madzi a nzimbe amafinya mukuona. Chinangwa amapangira makeke. Chenjezo ndi tsabola basi, nenani msanga kuti achepetse.

Malamulo awiri a pamalopo. Mukaona paketi ya tishu patebulo, si yotayika, mwini wake wagwira malo ali pamzere. Ndipo mukatha kudya mubweze thileyi ndi mbale pamalo ake, ndi lamulo kuyambira 2021, obwereza kulakwa amawalipiritsa.

Che Idrissa: Kwa osadya nkhumba, yang'anani chizindikiro cha halal pabenchi. Zakudya zambiri zachitchaina amathira mafuta a nkhumba ngakhale nyamayo isakuoneka. Mathileyi obwezera nawonso amasiyanitsa, a halal kwaokha.

Bambo a Tadala: Ndipo wogulitsa wachikulire mumamutchula kuti uncle kapena auntie, monga momwe ife timanenera kuti amalume kapena azakhali kwa munthu woti si m'bale. Chingerezi chawo n'chothamanga, chodula, chothera ndi "lah". Masiku awiri oyamba ndinkangovomera zinthu zomwe sindinamve. Zilankhulo zaboma ndi zinayi: Chingerezi, Chimandarini, Chimalay ndi Chitamil, ndipo zikwangwani zochenjeza zimalembedwa m'zonsezo. Mwa anthu 100 alionse okhazikika mdzikomo, pafupifupi 74 ndi Matchaina, 13 kapena 14 Amalay, 9 Amwenye, koma nyimbo ya fuko, Majulah Singapura, ili m'Chimalay.

Anambewe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinaphunzira ku Johor Bahru, tsidya la Malaysia, zaka zitatu, ndipo ndinkaoloka kawirikawiri. Zonse mwanenazi n'zoona, koma mukuzikometsa mopitirira. Chikomekome cha mkuyu. Mgwirizano wa mitundu umene mukuuyamikirawo sunamere wokha. Mu 1964 Matchaina ndi Amalay anamenyana m'misewu, anthu anafa. Boma linaphunzirapo n'kuyamba kusakaniza anthu mwalamulo. Anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba zosanja zomangidwa ndi boma, za HDB, ndipo kuyambira 1989 mdadada uliwonse uli ndi malire a kuchuluka kwa mtundu uliwonse. Malire a mtundu wina akakwana, sungagulitse nyumba yako kwa munthu wa mtundu umenewo ngakhale atabwera ndi ndalama zambiri. Kunyoza chipembedzo cha mnzako ndi mlandu. Kaya n'zabwino kaya n'zopanikiza, aliyense aweruze, koma mlendo adziwe kuti Chinatown ndi Little India zomwe akujambulazo si kumene anthu ambiri amakhala masiku ano.

Chachiwiri, nyumba zonyezimirazo amamanga ndi anyamata a ku Bangladesh ndi ku India, ogona m'mahositelo kunja kwa tauni, onyamulidwa kumbuyo kwa malole popita kuntchito. Nthawi ya Covid mu 2020 matenda anafalikira kwambiri m'mahositelo momwemo. Lamlungu amadzaza ku Little India kutumiza ndalama kwawo ndi kuimba foni, pomwe atsikana antchito zam'nyumba a ku Philippines amasonkhana ku Lucky Plaza. Amenewonso ndi mbali ya mitundu yosiyanasiyanayo, kungoti pa positikhadi saoneka.

Wa ku Joni: Asisi Anambewe mwandikhudza. Lamlungu lotumiza ndalama kumudzi timalidziwa ife. Kulikonse kowala kuli wina amene akukolopa.

Bambo a Tadala: Sindikutsutsa ngakhale limodzi. Ndingowonjeza kuti a Nachisale akakwera MRT, sitima yapamtunda ya mumzindamo, kupita kunja kwa tauni pang'ono, monga ku Toa Payoh, aona mdadada weniweni, zovala zoyanikidwa pansungwi m'mawindo, agogo akusewera bawo lawo pansi pa nyumba. Koma pa tsiku limodzi ndi bondo lija, sindikuona mpata.

Mfana wa Ndix: Koma akuluakulu, ife tinalandira ufulu 1964, iwo 1965. Tinawatsogolera chaka chathunthu. Chinachitika n'chiyani?

Anambewe: Funso limeneli limabwera pagulu lililonse. Anthu amakonda kunena kuti mu 1965 Singapore unali mudzi wa asodzi, zomwe si zoona. Linali kale limodzi mwa madoko akuluakulu a ufumu wa Britain, pakhomo pa njira ya Malacca pomwe zombo zochoka ku Europe ndi ku Middle East zimadutsa popita ku China ndi Japan. Lee Kuan Yew, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, ndi anzake anagwira ntchito, inde, koma sanayambire pa thengo. Mpaka pano pa makontena amaposedwa ndi Shanghai yokha.

Admin: Ndale ziimire pomwepo chonde, gulu lino ndi la maulendo. Tibwerere kwa a Nachisale.

Sisi Thoko: Chabwino ndagonja pa Sentosa. Koma Gardens by the Bay musaphonye, ndipo muipite usiku kukazizira. Mitengo yachitsulo italiitali ija imayaka magetsi motsatira nyimbo 7:45 ndi 8:45 madzulo, kuonera n'kwaulere, mumangokhala pansi n'kuyang'ana kumwamba. Zolipira ndi zina monga nyumba zagalasi zamaluwa. Komanso pa eyapoti pomwepo pali Jewel, mathithi ogwa kuchokera kudenga mamita 40 m'kati mwa nyumba. Mukafika m'mamawa kwambiri mwina mupeza asanatsegule madzi, ndiye mudzaone pobwerera.

Bambo a Tadala: Zoyendera: MRT ndi yosavuta, siteshoni iliyonse ili ndi chikepe, ndipo mipando ya okalamba anthu amapatsa. Mumagunditsa khadi ya kubanki pachipata, koma aliyense akhale ndi yake, kapena mugule makhadi a EZ-Link. Musadye kapena kumwa m'sitimamo, ngakhale madzi, chindapusa chimafika madola a kumeneko 500. Khadi ya banki yakumudzi musaidalire yokha, mukudziwa mmene nkhani ya ndalama zakunja ilili. Achimwene anuwo akuthandizeni, ndipo munyamule madola a ku America oti mukasinthe. Kwacha palibe angailandire. M'ma hawker ambiri amafuna ndalama yapamanja. Nkhani yabwino: masoketi ndi a mano atatu ngati athu, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, madzi apampopi ndi akumwa.

Mai Phiri ku Leeds: Mankhwala a makolo akhale m'mapaketi ake enieni, ndi kalata ya dokotala. Ngati pa bondopo amamwa okhala ndi codeine, kapena ogonetsa, onani pa webusaiti ya Health Sciences Authority ngati akufunika chilolezo. Ndipo musanyamulire munthu aliyense phukusi, ngakhale wa kumpingo. Dziko limenelo chamba chopitirira magalamu 500 chilango chake ndi kunyongedwa, ndipo amanyongadi. Fodya wamagetsi uja ndi woletsedwanso.

Wapasitima: Za Lachisanu tsopano. Madoko a sitima za alendo ndi awiri, musasokoneze. Zikuluzikulu zimaima pa Marina Bay Cruise Centre, zina pa HarbourFront pomwe pamanyamukiranso maboti opita ku Batam. Onani pa tikiti yanu. Ku Marina Bay kuli siteshoni ya Marina South Pier, koma pali kamtunda koyenda pansi, ndiye ndi masutikesi ndi bondo ingoitanani Grab (galimoto yoitanitsa pafoni) kapena takisi. Masutikesi mumasiya kwa onyamula pakhomo ndipo amafika kuchipinda madzulo, choncho mankhwala, mapasipoti, machaja ndi chovala chimodzi zikhale m'chikwama chapamanja. Mukalowa pamakhala maphunziro a zangozi, aliyense amayenera kukaonekera pamalo pake, musawazembe. Foni muike pa airplane mode sitima ikachoka, apo ayi netiweki ya panyanja idzakudyerani ndalama ya mbuzi.

China: Thailand ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Singapore ndi Malaysia. Foni imasintha yokha nthawi, sitima nthawi zina sisintha. Tsatirani wotchi ya m'sitima. Ku Phuket kawirikawiri timaima pakati pa madzi n'kumatsitsa anthu pa timaboti, muone ngati mayi angathe. Penang ndiye yosavuta, mumatsikira m'tauni ya George Town mwenimweni.

Nachisale: Ndalemba zonse m'kope. Mulungu akudalitseni. Ndidzabwera ndi lipoti.

Nachisale: Odi odi, tabwerako! Pepani ndachedwa, ndinafika ndi chimfine cha ma air conditioner.

Choyamba, a Wapasitima, mukadzabwera kumudzi nkhuku yanu ilipo. Ndege yathu yochoka ku Lilongwe inachedwa, ku Joni tinachita kuthamanga, mayi pa wilitcheya, ndipo sutikesi ya bambo inatsalira. Inatipeza kuhotela Lachisanu m'mawa. Tikanatsatira nzeru zanga zija bambo akanakwera sitima ndi malaya amodzi.

Hotela tinapeza ku Chinatown, kachipinda kopanda windo, mayi anati ngati nkhokwe. Anatisungira katundu, tinasamba, tinagona maola awiri, kenako Telok Ayer. Bambo anafika pakhomo la Thian Hock Keng n'kuima, manja kumbuyo, monga ananenera a M'busa. Ine ndi mayi tinalowa. Potuluka tinawapeza agwira mkulu wina wosesa pabwalo, akumufunsa kuti nyanja inkafika pati. Mkuluyo anawalozera pamsewu pomwe taimapo. Bambo anatulutsa kabuku kawo n'kuyamba kujambula mapu, kenako ndinangoona adutsa pakhomo paja okha akutsatira mkuluyo kukaona mitengo ya denga yolumikizidwa popanda msomali. Sindinanene kanthu. Madzulo anandiuza kuti nkhaniyi isafike kumpingo, ndiye nonse pano mwalumbira.

Ku Maxwell mayi anakhala patebulo n'kutsegula tishu yomwe anaipeza, kupukutira thukuta. Ndinali nditaiwala kuwauza. Mwini wake, mtsikana wa muofesi, anabwera ndi mbale yake n'kungoseka, tinadya naye limodzi, ndipo ndi iyeyo anatiitanitsira kholowa. Mayi anadya n'kunena kuti ndiwo ndi zabwino koma wophikayo sanamuphunzitse kuthira nsinjiro. Mpunga wa nkhuku bambo anaukayikira poona nkhuku yoyera ngati yosapsa, koma anamaliza mbale.

Cha m'ma 3 koloko kunagwa chimvula cha mabingu, ola lathunthu, ndiye South Bridge Road tinangoiona pawindo la takisi popita ku Kampong Glam. Che Idrissa, mabotolo aja tinawaona. Mayi ndi amene anakhalitsa pamenepo, akuti zawakumbutsa mmene amayi a kumudzi anasenzera njerwa pomanga tchalitchi chathu, maina awo osalembedwa paliponse. Murtabak tinagula ziwiri, tinalakwitsa, chimodzi chinatsala. Gardens by the Bay tinafika ya 7:45, bambo anagona tulo pabenchi nyimbo ili pakati. Little India sitinapiteko, miyendo inakana.

A Anambewe, Lachisanu m'mawa popita kudoko tinadutsana ndi lole itanyamula anyamata ovala zipewa zachikasu kumbuyo, ena akugona chokhala. Ndinakukumbukirani.

Koma chimene bambo akusimba mpaka lero si kachisi kapena mitengo yoyaka. Sitima itachoka padoko anakwera pamwamba n'kuona zombo zamakontena ndi zamafuta zitaima panyanja kudikira, mbali zonse mpaka komwe maso amalekezera. Anayamba kuwerenga, anafika pa 60 n'kusokonezeka. Akuti zaka zonse zija ankajambula njira ya Malacca pabolodi ndi choko, ana akulemba, iwo eni asanaonepo chombo choposa Ilala. Anakhala pamenepo mpaka mdima, chakudya chamadzulo tinachita kukawakoka.

Wapasitima: Nkhukuyo ikhale yachikuda achemwali. Ku Phuket mayi anatsika?

Nachisale: Anaona kaboti kakuvina pamafunde n'kunena kuti Thailand aionera pomwepo. Tinapita awiri ndi bambo, iwo anatsala akumwa tiyi ndi mayi wina wa ku Penang, mpaka pano akutumizirana zithunzi za zidzukulu pa WhatsApp.

Sisi Thoko: Ndiye Merlion simunajambule?? Anthu akhulupirira bwanji kuti munapita?

Mfana wa Ndix: Ine ndikudikirabe mphatso yanga asisi.

Nachisale: Yanu ilipo mfana, paketi ya tishu. Mukagwirire malo pa chiwaya.